Chigongono chikakana ngakhale ketulo ya tiyi

Kalipentala wina wa ku Glen View, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo. Akuti chigongono chikumupweteka chakunja, hamala sakuigwiranso bwino, ndipo adokotala amuuza kuti ndi tennis elbow, kutanthauza chigongono cha osewera tenisi. Abayitse jakisoni kapena achite mafizo?

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa ululu umenewo ndimaudziwa. Ine unandigwira chaka chimene mipopi ya kwathu ku Mufakose, mu Harare momwemo, inauma. M'mawa kupopa mjigo, kunyamula zigubu za malita 20, madzulo kufinya zovala za ana. Tsiku lina ketulo inangondipulumuka m'manja, madzi otentha khuthuu pansi, mwana ali pafupi. Tenisi sindinasewereko chibadwire. Ndimangokumbukira chimwemwe cha mu 1998, Byron ndi Wayne Black a ku Zimbabwe atagonjetsa Australia mu mpikisano wa tenisi wa Davis Cup. Ambiri odwala nthendayi ndi ife: matelala, owotcherera zitsulo ku msika wa Siyaso, amayi ochapa pamanja. Dzina lakelo limatisocheretsa, ndipo zimandiwawa kuona anthu akupirira miyezi poganiza kuti ndi nyamakazi.

Ndinathamangira jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu, pa kiliniki ina. Masabata angapo ndinapepukidwa, nkubwerera ku mjigo. Ululu unabweranso woposa poyamba. Si ine ndekha: kafukufuku wa ku Australia wa mu 2013 anapeza kuti pa chaka chimodzi, ululu unabwereranso kwa anthu 54 pa 100 alionse obayidwa steroid, pomwe kwa obayidwa jakisoni wopanda mankhwalawo anali 12 okha. Nchifukwa chake ndikuti ayi, musayambire jakisoni. Mtsempha wolumikiza minofu yotukula dzanja ku fupa la chigongono waperepeseka ndi ntchito. Kuugoneka tulo sikuulimbitsa. Umalimba ukamapatsidwa katundu pang'onopang'ono.

Mafizo ake

Gonekani mkono patebulo, chikhatho chiyang'ane pansi, dzanja lilendewere m'mphepete mutagwira botolo la madzi la theka la lita. Litukuleni ndi dzanja linalo, kenako litsike lokha pang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka 5. Bwerezani ka 15, mupume, maulendo atatu tsiku lililonse. Kuwawa pang'ono musadandaule nako, koma kukafika mawa lake chepetsani madziwo. Zikayamba kupepuka, tengani botolo lalikulupo. Ine zinanditengera miyezi itatu kuti ndifinye thawulo osakukuta mano.

Kuntchito nyamulani matabwa chikhatho chikuyang'ana kumwamba, ndipo chogwirira cha hamala muchikulunge ndi mphira kuti chinenepe. Zala zikayamba dzanzi, kapena chigongono chikatupa nkumatentha, siyani botolo mukaonane ndi adokotala.