Mafunso a owerenga: Ndiwauze makolo anga kuti ndimakonda amuna anzanga?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe ndipo ndimakhala pakhomo pa achimwene anga aakulu. Kuyambira ndili ku sekondale ndakhala ndikudziwa kuti mtima wanga umakopeka ndi amuna anzanga, osati akazi. Ndapemphera, ndasala kudya, ndinayesaponso chibwenzi ndi mtsikana wa mumpingo mwathu, koma palibe chimene chasintha. Tsopano amayi kumudzi ku Dedza andionera mbeta, ndipo amalume akufunsa za tsiku la chinkhoswe. Ndatopa nako kunama. Kodi ndiwauze zoona? Nanga alipo anthu onga ine amene ndingalankhule nawo osaopa kumangidwa?

Wosowa mtendere, Lilongwe

Mwanangu,

Mmene ulilimu si matenda ndipo si kulodzedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda a m'maganizo pa 17 May 1990, ndipo kulibe mankhwala, a kuchipatala ngakhale a kwa asing'anga, amene anatsimikizika kuti amasintha kumene mtima wa munthu umakopeka. Kusala kudya kwako sikunalephereke chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro.

Funso lako lili ndi nkhani ziwiri zimene waziika m'thumba limodzi, ndipo ndikupempha kuti uzilekanitse. Nkhani ya chinkhoswe ndi yamsangamsanga, pomwe nkhani youlula za iwe mwini ingathe kudikira. Usalole ukwati umenewu. Mtsikana amene amayi akuonerayo sanalakwe chilichonse kuti akakhale zaka m'nyumba ndi mwamuna amene samufuna, akumadzifunsa usiku uliwonse chimene chikuperewera pa iye, mpaka ankhoswe kuyamba kuitanidwa pa milandu imene gwero lake ukulidziwa iwe wekha. Ukhoza kuwauza amalume mwaulemu kuti sunakonzeke kumanga banja ndipo sufuna kuti mwana wa eni ake adikire pachabe. Mawu amenewa ndi oona, ndipo sakukukakamiza kunena zonse lero.

Tibwere pa za malamulo, pakuti ndi pamene pagona mantha ako. Malamulo a milandu a dziko lino, amene tinatengera kwa atsamunda, amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha: ndime 153 imapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, ndime 156 zaka 5, ndipo ndime 137A, imene inawonjezedwa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, imakhudza akazi. Ambiri akukumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa atachita chinkhoswe poyera ku Blantyre mu December 2009, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 mu May 2010, kenako n'kukhululukidwa ndi pulezidenti mwezi womwewo pamene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, anabwera m'dziko muno. Mu 2012 boma linanena kuti layamba laimitsa kumanga anthu pa milandu yotereyi, koma malamulowo sanafafanizidwe, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti akhalebe, n'kusiyira Nyumba ya Malamulo nkhani yowasintha. Anansi athu a ku Mozambique anachotsa malamulo onga awa mu 2015, koma ife tikadali nawo, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanakuuza kuti palibe choopa.

Komabe dziwa kuti malamulowa amalanga mchitidwe, salanga mawu akuti "ndine wotere". Kuuza mlongo wako kapena mlangizi za mmene umamvera si mlandu. Choopsa chimene chimagwera anyamata ambiri si bwalo la milandu ayi, koma anthu oopseza kuti awaulula akapanda kupatsidwa ndalama. Munthu amakupeza pa Facebook, mucheza masabata angapo, akupempha chithunzi, kenako akuitanira kunyumba ina kumene upeza anzake akudikira. Akulanda foni, akuuza kuti utumize ndalama apo ayi zithunzi zipita pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwanu. Choncho usatumize chithunzi choonetsa nkhope ndi thupi lako kwa munthu amene sunamuonepo, ukafuna kukumana naye koyamba mukumane masana pamalo podzadza anthu, ndipo foni yako ikhale yokiya. Ukapereka ndalama kamodzi amabweranso. Ngati utagwidwa ndi apolisi, ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko imakupatsa ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Tsono uwauze kapena ayi? Kuulula si ngongole imene uli nayo kwa aliyense, ndipo palibe tsiku limene linaikidwa kuti ukhale utaulula. Ine ndikadakhala iwe ndikanayamba ndadzifunsa kuti: ngati achimwene atanditulutsira katundu pakhonde usiku womwewo, ndikagona kuti? Pakali pano denga limene ukugonamo ndi lawo, ndipo mwina ntchitoyo anakupezera ndi iwo. Sunga ndalama pang'onopang'ono, pezako chipinda chako cha lendi, ika chiphaso chako cha unzika ndi masatifiketi ako a sukulu pamalo pamene ungawatenge mosavuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene akudzilipirira yekha lendi amalankhula ndi abale ake ngati wamkulu mnzawo, ndipo ngakhale atakwiya sangamulande pogona.

Ukadzakonzeka, usayambe ndi msonkhano wa banja lonse, pakuti pagulu aliyense amalankhula zoti ena amve, ndipo amalume sangafewe pamaso pa alamu awo. Yamba ndi munthu mmodzi amene unamuona akusunga chinsinsi cha wina, kaya ndi mlongo wako, msuweni kapena mnzako wakalekale. Muyese kaye: nkhani ya mathanyula ikatuluka pa wailesi, mvetsera ngati akutukwana nawo kapena akuti "ndi anthu ngati ife tomwe". Amayi ukadzawauza, uwauze muli awiri, osati pafoni, ndipo uyembekezere misozi, mafunso akuti analakwitsa pati pokulera, mwinanso kukutengera kwa abusa. Iwe watenga zaka zambiri kuti uvomereze za iwe mwini, choncho usadabwe iwo akalephera kuvomereza madzulo amodzi. Alipo makolo amene amabwerera patapita miyezi n'kuyambanso kufunsa ngati mwana wawo wadya, ndipo alipo ena amene sabwerera konse. Sindingakulonjeze kuti ako adzakhala mbali iti.

Anthu onga iwe alipo, ndipo si ochepa monga ukuganizira uli wekha m'chipinda. Bungwe la CEDEP lakhala zaka zambiri likugwira ntchito ya zaumoyo ndi ufulu wa amuna ogonana ndi amuna anzawo, mogwirizana ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la CHRR pa nkhani za malamulo. Kulinso Nyasa Rainbow Alliance, imene inayambitsidwa ndi anthu a gulu lomweli ndipo inatsogolera ulendo wapoyera woyamba wa mtunduwu ku Lilongwe mu June 2021, ambiri mwa oyendawo atabisa nkhope. Mabungwe otere amakhala ndi alangizi amene ndi anzako, amadziwa azaumoyo amene sanyoza, ndipo angakulumikize ndi loya zinthu zikavuta. Afikire kudzera pa masamba awo enieni, osati kudzera mwa munthu wosadziwika amene akudzitcha wogwira ntchito kumeneko. Kuyezetsa magazi, makondomu ndi mankhwala a PrEP oteteza ku HIV ndi ufulu wako ngati Mmalawi wina aliyense, ndipo wazaumoyo ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala.

Za kupemphera sindikuuza kuti usiye. N'zoona kuti mipingo yambiri kuno imatsutsa poyera, ndipo mu July 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero m'mizinda yathu zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ngakhale zili choncho, alipo abusa ndi akhristu ena amene amamvetsera mwakachetechete popanda kukalengeza pa guwa, ndipo anzako a m'mabungwe aja amawadziwa.

Mawu ako akuti watopa andikhudza. Ngati kutopako kwafika poti sukugona tulo, sukudya, kapena wayamba kuganiza zodzipha, usadikire kuti nkhani ya makolo ithe kaye. Pita kwa alangizi a za maganizo, monga a St John of God amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kapena ku chipatala chachikulu cha boma, ndipo ukafotokoze za kusowa tulo ndi nkhawa ngakhale usanakonzeke kutchula chimene chikuyambitsa. Sabata ino chita chinthu chimodzi chokha: imbira amalume, uwauze kuti za chinkhoswe ziyambe zaima.

Azakhali