Madzi a mu rediyeta ndiziwasintha liti?

Funso: Akulu, ka Toyota kanga ndimayenda nako pakati pa Ulongwe ndi Tete, madzi a mu rediyeta akachepa ndimangothira a pa mjigo, sindinawakhetsepo chigulireni. Ndikulakwitsa? Wowerenga wa ku Angonia

Yankho: Eya achimwene, mukulakwitsa ndithu. Madzi a pa mjigowo amasiya dzimbiri ndi mchere mkati mpaka rediyeta kutsekeka, ndiye ndi kutentha kwa ku Tete kuja mu Okutobala kopitirira madigiri 40, injini iwira basi muli pamsewu. M'malo mwake muzithira kulanti, madzi apadera oziziritsa injini. Kulanti wamba wobiriwira uja muzimusintha pakatha zaka 2, wapinki wa Toyota amakhalitsa kuposa pamenepo. Akangosanduka wa bulauni musadikirenso, pitani kwa makaniko akatsuke. Koma chonde osatsegula chivindikiro injini ikadali yotentha, mupsa nkhope.