Mafunso Anu: Lincoln Anakhala Bwanji Loya Asanapondeko ku Koleji?

Funso: Akonzi, ndinamva kuti Abraham Lincoln asanakhale pulezidenti wa America anali loya komanso phungu, chonsecho sukulu anangolawako. Zinatheka bwanji? — Wophunzira zamalamulo

Yankho: Mwamva zoona. Masiku onse amene Lincoln anakhala m'kalasi, kuwaphatikiza, sapitirira chaka chimodzi. Koma ku Illinois, chigawo cha America chimene Lincoln ankakhala, nthawi imeneyo uloya sunkalira digiri. Munthu ankawerenga yekha mabuku, makamaka a William Blackstone, katswiri wa zamalamulo wa ku England, ndipo Lincoln ankabwereka mabuku kwa loya John Todd Stuart.

Panali makwerero atatu. Pa 24 March 1836, khoti la ku Sangamon, dera la kwawo ku Illinois, linamulemba kuti ndi munthu wamakhalidwe abwino. Pa 9 September chaka chomwecho, oweruza awiri a khoti lalikulu la Illinois anamupatsa laisensi. Kenako pa 1 March 1837 analumbira, dzina lake n'kulowa m'kaundula wa maloya. Mwezi wotsatira anasamukira ku Springfield kukagwira ntchito ndi Stuart yemwe uja.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti uphungu ndiwo unayamba. Anagwa pa chisankho cha 1832, anapambana mu 1834, ndipo anakhala m'nyumba ya malamulo ya Illinois mpaka 1842, atasankhidwa kanayi. Nyumbayo inkakumana miyezi yochepa chabe, kawirikawiri m'nyengo yozizira, choncho nthawi yotsalayo phungu ankatha kuthamanga ndi milandu.

Pa uphunguwo, iye ndi anzake asanu ndi atatu a ku Sangamon, onse ataliatali moti ankatchedwa Long Nine, anakopa nyumbayo mu 1837 kuti likulu la Illinois lichoke ku Vandalia kupita ku Springfield. Apo anagoletsa. Pamene anapsa zala ndi pa lamulo la chitukuko la chaka chomwecho, lomanga njanji ndi kukonza mitsinje ndi ngongole ya madola pafupifupi 10 miliyoni. Vuto linali loti pofuna mavoti, dera lililonse linalonjezedwa kanthu, ndipo ntchito zinayambika malo ambiri nthawi imodzi m'malo momaliza njanji imodzi kuti izibweretsa ndalama. Chuma cha America chitagwa mu 1837 momwemo, obwereketsa anabweza manja, ntchito zambiri zinaima zisanathe, ndipo Illinois inafika polephera kulipira ngakhale chiwongoladzanja. Kunena chilungamo, Lincoln anakakamira pulaniyi nthawi yaitali kuposa mmene zinalili zoyenera.

Masiku ano njira yowerenga wekha inatsekeka ku Illinois: pamafunika digiri ya zamalamulo ndi mayeso a uloya.