"Mou tin lei": kodi abwana anu ananyoza Mulungu?

Mayi wina wogwira ntchito ku Hong Kong wandilembera kuti abwana ake, atauzidwa kuti lendi ya shopu yakweranso, anafuula kuti "mou tin lei!" Akufunsa ngati uku n'kunyoza Mulungu, komanso ngati naye angamanene choncho.

Ayi mayi, sananyoze. M'Chikantonizi, chilankhulo cha Chitchaina chimene amalankhula ku Hong Kong, tin (天) ndi kumwamba, lei (理) ndi dongosolo la mmene zinthu ziyenera kukhalira, mou ndi "palibe". Abwana anuwo amadandaula kuti chilungamo choposa malamulo a anthu chapondedwa. Mwini nyumba akhoza kukweza lendi mwalamulo, mapepala onse ali bwinobwino, koma n'kukhalabe mou tin lei.

Mawuwa si a dzulodzulo. M'zaka za m'ma 1000 abale awiri anzeru zakuya a ku China, Cheng Hao ndi Cheng Yi, anaika tin lei pachimake pa chiphunzitso chawo. Pambuyo pawo wanzeru wina, Zhu Xi (1130–1200), anaphunzitsa kuti tin lei munthu amabadwa nayo, ndipo chimene chimaiphimba ndi dyera. N'chifukwa chake zimandiwawa anthu akamati Matchaina amangodziwa ndalama basi. Limenelo ndi bodza. Mukapeza mpata mukaone kachisi wa Man Mo pa msewu wa Hollywood Road ku Hong Kong komweko, womangidwa mu 1847. Kale anthu akakanganirana ngongole popanda mboni ankapita kumeneko, kulemba lumbiro papepala lachikasu, kudula tambala mutu, n'kutentha pepalalo pamaso pa milungu. Wonama ankazengereza kugwira mpeni, poopa kuti temberero analembalo limubwerera. Mpaka lero wochimwa akagwidwa mudzamva akuti "tin yau ngaan", kumwamba kuli ndi maso.

Katchulidwe kake

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Nenani "thin", ndi mpweya ngati mu "thupi", mawu ali m'mwamba osatsika. Mukatchula t wa mu "tambala", iwo amva din, kutanthauza misala. Lei muyambire pansi n'kukweza pang'ono. Mukangoisiya pansi osakweza, yasanduka lei wina wotanthauza phindu.

Kunena mukhoza, pomvera chisoni mnzanu wolakwiridwa, monga amene wamanidwa malipiro ake. Koma musawalozetse kwa abwana anu pamaso pawo, ngakhale atakulakwirani. Kumeneko n'kuwauza kuti alibe umunthu, ndipo kukambirana kumathera pomwepo.