Mwana akufuna kukagwira ntchito ku Disney: ndigulitse munda wa tiyi?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Luchenza. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri pa maphunziro a zokopa alendo ku Blantyre. Wadziwana pa WhatsApp ndi bambo wina amene akuti amatumiza ophunzira kukagwira ntchito ku Disney, ku America, ndipo akufuna K4 miliyoni yosungitsira malo mwezi uno usanathe. Akuti mwanayo azikalandira madola sabata iliyonse. Ndili ndi kamunda ka tiyi kamene anandisiyira malemu bambo ake. Ndigulitse, kapena ndikatenge ngongole ku banki mkhonde?

Yankho: Mayi, mundawo musagulitse, ndipo ku banki mkhonde musapite kaye.

Zimene mwana wanu wamvazo sikuti ndi nthano ayi. Walt Disney World, malo aakulu achisangalalo a kampani ya Disney, ilikodi, kufupi ndi mzinda wa Orlando m'boma la Florida. Inatsegulidwa mu 1971 ndipo ili ndi mapaki akuluakulu anayi: Magic Kingdom, Epcot, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom. Kuyambira 1981 amalandira ophunzira a m'makoleji kudzagwira ntchito kwa miyezi ingapo, ndipo a mayiko akunja ali ndi madongosolo awoawo. Kungoti khomo lake si munthu wa pa WhatsApp. Ophunzira akunja amadzera kusukulu zimene zili pa mgwirizano ndi kampaniyo kapena kwa olemba ntchito amene kampaniyo inawavomereza, ndipo amafunsidwa mafunso asanatengedwe. Malo sagulidwa ngati benchi ya pamsika wa Luchenza.

Pali china chachikulu chimene bamboyo mwina sanakuuzeni. Wophunzira wopita kukachita zoterezi amalowa pa viza yotchedwa J-1. Mu Disembala 2025 boma la America linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zaimitsidwa kulandira mitundu ina ya viza kuyambira pa 1 Januwale 2026, ndipo J ili m'gulumo, limodzi ndi ya ophunzira komanso ya alendo. Malamulo oterewa amasinthasintha, choncho mwanayo aone yekha pa tsamba la ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kuti lero zili pati. Munthu wofuna ndalama mwezi usanathe, osatchulako nkhani imeneyi, ine sindingamupatse ngakhale ya minibasi.

Tsopano tiyerekeze kuti khomo latseguka ndipo mwana wanu wadzera njira yoyenera. Tiwerengere limodzi, chifukwa mawu oti "madola" amatseka anthu m'maso.

Asananyamuke pali zolipira. Kufunsira viza ndi $185, ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Pali ina ya kaundula wa ophunzira wotchedwa SEVIS, $220 kwa ambiri a J-1. Ziwirizi zokha zakwana $405, imene pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, ikuposa K700,000. Nanga madolawo muwapeza kubanki? Tonse tikudziwa mtengo wake kuseriku. Onjezanipo pasipoti, maulendo a ku Lilongwe, inshulansi ya kuchipatala imene lamulo la viza imeneyi limakakamiza, tikiti ya ndege yopita ndi yobwera kuchokera ku Chileka kudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg, ndi ndalama yodyera masabata oyambirira malipiro asanayambe kulowa.

Akafika, malipiro ndi a pa ola. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Florida anafika $14 pa ola mu Seputembala 2025. Akhoza kumalandira zoposerapo, koma wochita bizinesi amawerengera pansi. Maola 30 pa sabata ndi $420. Mukaisintha m'makwacha mtima udumpha, ndikudziwa. Komatu ndalamayo sikadyedwa ku Luchenza. Ophunzira ambiri amagona m'nyumba za ku Flamingo Crossings Village, ena awiriawiri kuchipinda, ndipo lendi yake, imene ili cha m'ma $200 kapena kuposerapo pa sabata, amadula ndalama isanafike m'manja. Boma lalikulu la America nalo limadula msonkho, kuyambira pa 10 peresenti. Chokomera ndi chakuti Florida ilibe msonkho wakewake wa pa malipiro, ndiponso wa J-1 wongofika kumene sadulidwa misonkho ya penshoni ndi ya chipatala cha okalamba, yotchedwa Social Security ndi Medicare. Zonsezi zikachoka patsala pafupifupi $180, kapena yochepera. Pamenepo mpamene achotse chakudya cha sabata yonse, sopo, foni. Kulibe kopempha chigwada kwa aneba, kulibe nthochi ya kuseri kwa nyumba. Mwana wodziletsa, wophika yekha, akhoza kusunga kangachepe. Wokonda zonona sasunga kanthu, pajatu ogwira ntchito amalowa m'mapakimo ulere ndipo amagula zinthu motsitsiridwa mtengo, ndiye tsiku lopuma limathera m'mashopu.

Muikepo tsopano chiwongoladzanja cha banki mkhonde, chimene chimakwera mwezi ndi mwezi pamene mwanayo akudikira viza. Masamuwo sakutuluka, mayi.

Ntchito yakenso aidziwiretu. Ndi kuima tsiku lonse pa dzuwa la Florida, lotentha mwachinyontho ngati ku Nsanje mvula ikamayandikira: kuwongolera mizere ya anthu, kugulitsa zidole, kukazinga tchipisi, kusesa, kuyala mabedi m'mahotela, uku ukumwetulira mlendo aliyense. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndiye masiku otanganidwa kwambiri. Viza ya J-1 simulola kukagwira ganyu kwina mwakufuna kwake monga amachitira ena ku Joni, ndipo akachotsedwa ntchito ndiye kuti nyumba yatha, chilolezo chokhalira m'dzikomo chathanso. Pulogalamu ikatha bwinobwino amapatsidwa masiku 30 okha oti alongedze.

Sindikunyoza ulendowu. Phindu lake lenileni ndi luso. Mwana amene waona mmene amasamalira alendo zikwizikwi pa tsiku, mmene amayankhira munthu wokwiya, mmene amasungira ukhondo wa m'khitchini, akabwera kuno amasiyana ndi anzake. Ndipo ntchito ya luso limeneli ili pakhomo panu pomwepa. Phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa UNESCO, nthambi ya United Nations, wa malo a chuma cha dziko lonse mu Julayi 2025. Pitani pa Likhubula Loweruka m'mawa mukaone: alendo akumanga nsapato, anyamata operekeza ndi onyamula katundu akukambirana mitengo, amayi akugulitsa chinanazi, koma wofotokozera mlendo momveka bwino za ulendo wa ku Sapitwa, kapena wokonza malo ogona aukhondo a mtengo wapakati, ndi wosowa. Ulendo wa ku America muutenge ngati sukulu, ndipo sukulu timalipira ndi ndalama imene tingathe kuitaya osagona ndi njala. Munda wa tiyi suli m'gulu limenelo. Tchire la tiyi limabereka zaka makumimakumi, ndipo ana atatu enawo akudalira masamba omwewo.

Mwana wanu akafunse kaye ku ofesi ya sukulu yake ngati ili pa mgwirizano uliwonse wotumiza ophunzira kunja. Pa tchuthi chikubwerachi akapemphe kuphunzira ntchito pa malo ogona alendo a m'minda ya tiyi ku Thyolo kapena pa Mulanje boma, chifukwa ofunsa mafunso kulikonse amayamba ndi zoti unagwirapo kuti.

Bambo wa pa WhatsApp uja mumufunse zinthu zitatu: dzina la bungwe la ku America limene lidzatulutse fomu ya DS-2019, poti popanda fomu imeneyi palibe viza ya J-1, kalata yochokera kwa olemba ntchito eniake yokhala ndi dzina la mwana wanu, ndi adiresi ya ofesi yake kuti mukafikeko ndi malume a mwanayo. Akayamba zoti mutumize kaye theka pa foni, sungani mauthenga onsewo mukawaonetse apolisi pa Luchenza.