Funsani Anti: Khadi la imfa landisowetsa tulo

Anti, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Bristol, ku England. Mnzanga wina wakuntchito ndi mzungu wa chipembedzo cha Wicca, amayatsa makandulo mwezi ukakhala wathunthu ndipo mu June amapita ku Stonehenge, malo a miyala yakalekale kuno ku England, kukadikira dzuwa kuti lituluke. Tsiku lina pa buleki anati ndisankhe makadi atatu a tarot, oloserera zamtsogolo, ine mongocheza ndinasankha, lachitatu kutembenuza chonchi ndi chigoba chokwera hatchi, pansi palembedwa Death. Mayi anga ku Ntcheu akudwala shuga ndi BP ndiye chiyambireni tulo palibe. Kodi ndawaitanira imfa? Komanso ndine wa Mvano, mtima ukungonditsutsa.
Wankhawa, Bristol

Mwanawe, khazika mtima pansi kaye. Makadi amenewo alipo 78 ndipo limene wasankhalo ndi nambala 13 pa makadi 22 amene amati ndi akuluakulu, aliyense wosankha likhoza kumugwera, sikuti linkadikira iweyo. Ndipo olosera eni ake ukawafunsa amati silinena za maliro koma kutha kwa china chake kuti china chiyambe, kaya ntchito kaya chibwenzi. Mnzakoyo ayenera kuti anakuuza zimenezi koma iwe unali utaona kale chigoba makutu atatsekeka.

Tarot anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440, ku Milan ndi ku Ferrara, ndipo anali masewera chabe a anthu olemera, mpaka lero ku France anthu amasewerabe pa tebulo popanda zolosera zilizonse. Zoombezazi zinadzabwera mochedwa, mu 1781 mkulu wina wa ku France dzina lake Antoine Court de Gébelin analemba kuti makadiwa ndi nzeru zobisika za ku Egypt, umboni analibe koma anthu anazikonda basi. Chigoba cha pa hatchi chakuopsezacho anajambula ndi mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith, makadi ake anatuluka ku London mu 1909. Ndiye chithunzi chojambulidwa ku London chikafike bwanji ku Ntcheu kukakweza shuga wa mayi ako?

Za mnzakoyo usamuthawe ngati wakulodza. Wicca inadziwika kudzera mwa bambo wina wa ku England dzina lake Gerald Gardner m'ma 1950 ndipo pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anthu pafupifupi 13,000 anati ndi a Wicca, ambiri ndi okonda zachilengedwe, nyengo, mwezi, zitsamba. Ineyo sindikhulupirira kuti makadi amaona zamawa, ndimaona kuti amalankhula mozungulira moti aliyense amapezamo nkhani yake, ngati sing'anga wokuuza kuti pali wachibale amene sakukufunira zabwino, ndani alibe wachibale wotero? Koma ngati chikhulupiriro chako sichilola zoombeza, ulendo wina ungomuuza mwaulemu kuti ayi zikomo, ndipo za kutsutsika mtimazo kacheze ndi abusa kapena amayi anzako a Mvano.

Koma tinene zoona eti, chakusowetsa tulo si khadi. Uli kutali, tsiku lonse ukusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake pomwe ako akudwala kumudzi, zimenezo zimapweteka ndipo ambiri ali kunjako amazidziwa. Ayimbire foni mayi, ufunse ngati mankhwala akumwa tsiku lililonse, ngati akupita kukayezetsa ku chipatala, komanso amene akuwaphikira achepetse mchere ndi shuga wa mu tiyi. Ndalama ya mankhwala uzitumiza kwa munthu mmodzi wodalirika, osati pa gulu la WhatsApp la banja lonse.
Anti