Kuyatsa Giza ndi Hita pa Foni: Kodi Kaswitchi Kakang'ono Kangakwanitse?

FUNSO: Akonzi, m'nyumba mwanga ndinaika timaswitchi ta Wi-Fi toyatsira mababu, ndipo timagwira ntchito bwino. Tsopano ndikufuna kuti giza yanga ya mawati 3,000 ndiziiyatsa ndi kuizimitsa pa foni ndikakhala kuntchito, kuti isamadye magetsi tsiku lonse pamene palibe wosamba. Kaswitchi kamene ndapeza kalembedwa kuti kamapirira ma-amp 16, koma mmisiri wa zamagetsi wakana kukalumikiza pokhapokha nditagulanso chipangizo chotchedwa contactor. Kodi akungofuna kundiwonongetsa ndalama? Ndilinso ndi hita yonyamula m'manja ya mawati 2,000 imene ndikufuna izitenthetsa kuchipinda ndisanafike pakhomo. — Wowerenga wathu

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Mmisiri wanuyo wakulangizani bwino, ndipo ine ndili kumbali yake.

Tiyambe ndi masamu. Mukagawa mawati ndi ma-volt mumapeza ma-amp amene chipangizo chimakoka, choncho giza ya mawati 3,000 pa magetsi a ma-volt 230 imakoka ma-amp 13. Mphamvu imene ikudya ndi yofanana ndi ya mababu a LED a mawati 9 oposa 300 atayatsidwa nthawi imodzi. Pongoona manambala, 13 ndi wochepa poyerekeza ndi 16, ndipo ndi pamenepa anthu ambiri amapusitsikira. Vuto lili pa kutalika kwa nthawi. Kuti madzi okwana malita 150 atenthe kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7 a magetsi, kutanthauza kuti giza yanu imakoka ma-amp 13 amenewa mosalekeza kwa maola oposa awiri. Malamulo a kalumikizidwe ka magetsi a ku America amalamula kuti katundu wokoka magetsi kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo giza za m'nyumba, asapitirire 80 peresenti ya mphamvu ya dera (waya ndi chotetezera chake) limene walumikizidwa. Mukatengera muyezo umenewu pa kaswitchi kanu, malire ake ndi ma-amp 12.8, ndipo giza yanu yawapitirira kale.

M'kati mwa kaswitchiko muli relay yaing'ono, yomwe ndi switchi yolumikiza ndi kudula magetsi, yowotcherera pa kabolodi kopyapyala, ndipo mawaya amamangidwa ndi timasikuluu ting'onoting'ono. Paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana pamatuluka kutentha, ndipo magetsi odutsapo akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Sikuluu ikangokhwefuka pang'ono, polumikizirapo pamatentha, chitsulo chimada ndi kuchita dzimbiri, ndipo magetsi akamadutsa movutikira pamalo odawo kutentha kumawonjezereka mpaka pulasitiki itayamba kusungunuka. Izi zimachitika pang'onopang'ono kwa miyezi, kumbuyo kwa chivundikiro kumene palibe amene amayang'anako. Breaker, switchi imene imadula yokha magetsi akachuluka m'waya, singagwe pa vuto lotere, chifukwa ma-amp amene akudutsa sanapitirire muyezo wake. Chinanso n'chakuti nthawi iliyonse relay ikamadula magetsi ochuluka pamathetheka kamoto pakati pa timano take, ndipo tsiku lina timanoto tikhoza kumatirirana. Zikatero foni yanu idzakuuzani kuti giza yazima pamene ikadali yoyaka.

Contactor imachotsa katundu yenseyu pa kaswitchi. Ndi switchi yaikulu yokhala ndi koyilo imene imasanduka maginito ikalandira magetsi, n'kukoka mano okhuthala amene amalumikiza giza. Koyiloyo imadya mawati ochepa kwambiri, motero kaswitchi ka Wi-Fi kamangopereka lamulo, pamene ma-amp 13 aja amadutsa m'chipangizo chimene chinapangidwira ntchito yolemetsa. Uzani mmisiri wanu kuti asankhe contactor yomangirira m'bokosi la ma-breaker, ya ma-amp 25, ya koyilo ya ma-volt 230, yodula mawaya onse awiri, wamoto ndi wa neutral, komanso yosadutsitsa magetsi pamene koyilo ilibe magetsi. Muonetsetsenso zilembo zimene zili pambali pa nambala ya ma-amp. AC-1 kapena AC-7a ndi muyezo wa zipangizo zongotenthetsa monga giza, pamene AC-3 ndi wa mamota, ndipo nambala yake imakhala yotsikirapo pa contactor yomweyo.  Kaswitchi kakhale ndi breaker yakeyake yaing'ono, mwachitsanzo ya ma-amp 6, ndipo ngati kakumazima kokha kapena kusokonezeka contactor ikamadula, kachipangizo kotchedwa RC snubber koikidwa pa koyilo kamathetsa vutolo.

Ena angakuuzeni za solid state relay, yomwe ndi relay yopanda mano oyenda, chifukwa siimveka phokoso. Ine sindiilimbikitsa pa giza ya m'nyumba, popeza imatulutsa kutentha kwa wati imodzi kapena kuposerapo pa amp iliyonse, imafuna chitsulo chachikulu choiziziritsa, ndipo ikawonongeka nthawi zambiri imatsala ikudutsitsa magetsi.

Pali zinthu zimene siziyenera kuchotsedwa kapena kudumphidwa ngakhale makina anu atakhala anzeru chotani. Breaker imateteza waya, RCD ya ma-milliamp 30 imateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, thermostat ya giza imaletsa madzi kupitirira muyezo, ndipo kachipangizo kena kodula magetsi kutentha kukafika poopsa kamagwira ntchito ngati thermostat yalephera. Zonsezi zimagwira ntchito popanda intaneti, ndipo ziyenera kukhala choncho. Switchi yozimitsira pamanja imene ili pafupi ndi giza ikhalenso pomwepo. Chonde, musalole munthu aliyense kugwira mawaya a giza podalira kuti mwaizimitsa pa foni, chifukwa ndondomeko imene munaika kale, kapena wachibale amene ali ndi pulogalamu yomweyo, akhoza kuiyatsa munthuyo ali pakati pa ntchito. Azimitse breaker, ndipo ayeze ndi mita asanakhudze chilichonse.

Muganizirenso zimene zidzachitike intaneti ikaduka giza ili yoyaka. Timaswitchi tambiri, kuphatikizapo ta Shelly ndi Sonoff, tili ndi njira yodzizimitsa tokha pakapita nthawi imene mwasankha, ndipo lamulo limeneli limasungidwa m'kati mwa kachipangizoko. Ikani maola atatu. Sankhaninso kuti magetsi akathima n'kubweranso kaswitchi kazikhala kozima. Ngati mungathe kugwiritsa ntchito Zigbee, njira ina yolumikizira zipangizo popanda waya m'malo mwa Wi-Fi, pamodzi ndi pulogalamu yolamulira zipangizo za m'nyumba ya Home Assistant, malamulo onse amayendera m'nyumba mwanu momwemo osadalira makompyuta a kampani yakutali. Ndikofunikanso kuika kachipangizo koyeza magetsi pa waya wopita ku giza, kuti foni izikuonetsani mawati amene akudutsadi.

Pa za kupulumutsa magetsi, musayembekezere zambiri, chifukwa thermostat imadula kale magetsi madzi akatentha, ndipo chimene mungapulumutse ndi kutentha kumene thanki imataya ikangokhala. Phindu lalikulu limaoneka kwa amene ali ndi sola kapena amene magetsi awo amatsika mtengo maola ena. Koma musalole madzi kukhala ofunda chabe kwa masiku ambiri, popeza tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi a madigiri pakati pa 20 ndi 45. Madzi a m'thanki azifika madigiri 60 kawirikawiri.

Za hita yonyamula ija, yankho langa ndi lakuti ayi. Ma-amp ake ndi pafupifupi 9 okha, choncho nkhawa yanga siili pa pulagi. Munthu ali kutali sangaone ngati nsalu ya pawindo yagwera pa hita, ngati mwana waisuntha n'kuiyandikizitsa ku bedi, kapena ngati wina wayanikapo chovala. N'chifukwa chake mabuku a malangizo a mahita ambiri otere amaletsa kuwalumikiza ku chipangizo chilichonse chowayatsa okha. Ngati mukufunitsitsa kupeza kuchipinda kuli kofunda, gulani hita yokhomera kukhoma imene wopanga wake anailola kuyendera ndondomeko ya nthawi, yokhala ndi thermostat ndi chodulira magetsi ikatentha mopitirira muyezo, ndipo mmisiri wanu yemweyo ailumikize pa dera lakelake.